Dothi Lakuda la Bambo Mailosi

Mchombo wa mwana unagwa pa nthawi yake, koma panalibe poukwirira.

Banja la a Mailosi linkachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya munthu ku Budiriro, dera la mumzinda wina waukulu kutali ndi Malawi. Bwalo lonse mwininyumba anathira simenti, kuyambira pageti mpaka kuchimbudzi, n'kungosiya kampata kamodzi pomwe pankagona galu wake. Mayi Emelda, akazi a a Mailosi, anayang'ana kampatako, anayang'ananso galuyo, kenaka anakulunga kamchombo ka mdzukulu wawo Mufaro m'kansalu koyera, n'kukatsekera m'kabotolo komwe kale munali mafuta odzola. Anati mchombo sukwiriridwa pakhomo pa eni. Mwininyumba akadzakwiya n'kuwathamangitsa, mwanayo azidzati kwawo n'kuti?

Funso limeneli linali lakale m'banjamo. Bambo awo a a Mailosi anachoka ku Dedza wapansi kudzagwira ntchito papulazi ya fodya kufupi ndi tauni ya Mvurwi, m'dziko la eni lomweli. Chaka chilichonse ankati abwerera kumudzi fodya akagulitsidwa, mpaka anaikidwa kuseri kwa zigafa za fodya yemweyo. A Mailosi ku Dedza sanapondeko. Ankangodziwa kuti kuli phiri, kumazizira, ndipo mbatata zakumeneko sizifuna feteleza. Mchombo wawo, ndi wa mwana wawo Tisungeni, unatsala papulazi paja. Pulaziyo itasintha manja antchito anabalalika, ndipo michomboyo inakhala ya eni atsopano pamodzi ndi thirakitala.

Chimene chinkawawa kwambiri ndi Khirisimasi. Anansi onse ankakwera mabasi kupita kumusha, kutanthauza kumudzi kwawo, n'kubwerako ndi matumba a mtedza ndi nkhuku zomanga miyendo. A Mailosi ankatsala ndi makiyi a mzere wonse wa nyumba, kuthirira maluwa a anthu ndi kudyetsa agalu. Anansiwo ankawayamikira kuti ndi munthu wokhulupirika. Palibe ankanena poyera kuti kukhulupirikako kunkachokera pa kusowa kopita.

Papulazi paja a Mailosi anali kapitawo, ndipo ngakhale tsopano ankagulitsa mbande za repu ndi tomato m'mphepete mwa msewu, ukapitawowo sanauvule. Chipewa chinali chomwecho, kaimidwe komweko, manja kumbuyo. Munthu akagula mbande zochepa ankalandiranso maphunziro a ulimi, afune asafune.

Kwa zaka zambiri banjali linali m'gulu la kopaletivi ya anthu ofuna malo omangapo nyumba. Nthawi yawo itakwana, mkulu wa gululo anawatenga kukawaonetsa masitandi, malo a nyumbawo, awiri amene anatsala. Ina inali kumtunda, yaing'ono, miyala yokhayokha, moti ngakhale chisoso chinkamera mokayikira. Inayo inali kumunsi chakumtsinje wa Marimba, yaikulu bwino, yosalala, dothi lake lakuda bii.

A Mailosi anagwada, anatapa dothilo, analifikisa m'manja, analinunkhiza. Analinunkhizanso. Atadzuka ananena kuti munthu amene anayang'anirapo antchito a pulazi yonse sangasankhe miyala pamene dothi lotere lilipo. Mkulu wa kopaletivi uja anawayamikira nzeru mwachangu kwambiri, changu chimene munthu wina akanachikayikira.

Unali mwezi wa Okutobala. Pansi panali pouma gwa, pong'ambikang'ambika ngati chidendene cha mlimi. A Mailosi ndi mkamwini wawo Tendekai, mwamuna wa Tisungeni, anayamba kukumba maziko masiku opuma. Mayi Emelda anabwera kudzaona, anayenda uku ndi uku, n'kuima pa zitsa za bango zimene wina anazitentha. Anati kuno kukununkha achule. A Mailosi anayankha kuti achule sanalembedwe pa mapulani. Mayiwo sanatsutse, koma kabotolo kaja sanabwere nako. Anati adikira khoma lifike pawindo.

Tsiku lina m'mawa anapeza galimoto yoyera itaima chapafupi ndi maziko awo. Anthu angapo ovala majombo ankakhomera paipi yachitsulo pansi, kuizula, n'kukhomeranso. A Mailosi anauza akazi awo m'Chichewa kuti awa ngati sakufuna golide ndiye kuti akufuna kuba sitandi, ndipo m'njira zonse ziwiri ayenera kudziwa kaye mwini malo. Anakonza chipewa, manja kumbuyo, n'kupita.

Asanayambe n'komwe, mtsikana amene ankatsogolera ntchitoyo anavula magolovesi, anapinda bondo pang'ono.

"Mwauka bwanji, bambo? Golide sitinamupeze. Tikamupeza tikuitanani."

A Mailosi anaiwala mawu onse amene anakonza. Kunja kwa nyumba yawo ndi kumaliro, chiyankhulo chawo sankachimva kawirikawiri, ndipo adzukulu a anzawo ankachiyankha m'Chishona. Mtsikanayo anati dzina lake ndi Febbie, anakulira ku Rugare, dera lina la mumzinda momwemo, atate ake anachokera ku Chipata kudzagwira ntchito ya njanji. Tsopano anali ku yunivesite, ndipo iye ndi anzakewo ankafufuza mmene malo a m'mbali mwa mitsinje ya mumzinda analili kale, nyumba zisanabwere. Anati nthaka imasunga mbiri yake pansi, mosanjikiza, chakale pansi, chatsopano pamwamba, monga mmene mayi amasanjira zovala m'sutikesi.

A Mailosi anati za nthaka asawauze, chifukwa iwo analima fodya iye asanabadwe. Anamufotokozera ubwino wa dothi lakuda kuyambira pachiyambi. Febbie anamvetsera mpaka pamapeto, zimene makasitomala a mbande sankachita.

"Zonse mwanenazo n'zoona, bambo. Kabichi angasangalale kwambiri pano. Koma ndifunseko. Papulazi paja, nyumba ya bwana inali pa dothi lakuda?"

A Mailosi anakumbukira pulaziyo. Nyumba ya bwana inali pachitunda. Zigafa zinali pa katondo, dothi lofiira lija. Komboni ya antchito inali pamtsetse. Kudothi lakuda kunali madimba okha, ndipo chaka china mvula ili pakati thirakitala inatitimira komweko mpaka anachita kuikoka ndi ng'ombe. Amene anaitumiza kumeneko anali kapitawo, iwo omwe. Nkhani imeneyi sanaione kuti ndi yofunika kuti mtsikanayo aidziwe.

Febbie anawaitana onse awiri kuti aone. Pansi panali paipi yong'ambidwa pakati m'litali, ndipo m'katimo munagona dothi limene anazula, lalitali kuposa munthu, lamizeremizere yamitundu yosiyana. Anayambira kumapeto kumene kunachokera pansi penipeni.

Kumeneko kunali timiyala tosalala, tozungulira ngati mazira a njiwa. Anati mwala susalala wokha, umasalala chifukwa chogubuduzidwa ndi madzi othamanga. Ndiye kuti kalekale mtsinje weniweniwo unkadutsa pomwe aimapo, usanakhotere komwe uli lero. Pamwamba pa timiyalato panali dothi lotuwa lamadontho ofiirira ngati dzimbiri. Anati madontho otere amabwera pamene madzi amakwera m'nthaka nthawi ya dzinja n'kutsika m'chilimwe, chaka ndi chaka. Kenaka panayamba makande, dothi lakuda lomata lija. Anaswa kachidutswa ndi chala, n'kuonetsa mayi Emelda mizu ya bango yowolerana ndi kachigoba koyera ka nkhono ya m'madzi. Anati kuda kwa dothilo ndi bango ndi udzu wa m'dambo zimene zinafera m'madzi odikha kwa zaka zosawerengeka. Akapita nalo ku yunivesite amaliika pa makina okulitsa zinthu, n'kuona mungu wa zomera zakalezo, ndipo amatha kudziwa kuti panali bango, mlulu kapena mitengo.

Mayi Emelda anatembenuza kachigobako m'dzanja. Sananene kanthu za achule. Anangoyang'ana amuna awo pang'ono, ndipo kuyang'anako kunakwana.

M'kati mwa makandemo munali timizere ta mchenga woyera, tina topyapyala, tina tonenepa ngati chala. Febbie anati mzere uliwonse ndi ulendo umodzi wa mtsinje. Ukasefukira umatuluka ndi mchenga, kuuyala padambo ponse, n'kubwerera. Madzi amaphwa, anthu amaiwala, koma mchengawo umatsala.

A Mailosi anapeza pothawira. Anati izi zonse ndi zamakedzana, nthawi ya makolo, mvula ikadali mvula. Masiku ano ndi chilala chokhachokha, anthu a ku Budiriro amagona pamzere wa kuchibhorani, mjigo uja, ndi zigubu zawo. Mtsinje umene ukulephera kudzaza ndowa ungafike bwanji pano?

Febbie anapita chakumutu kwa paipiyo, pafupi ndi pamwamba, pomwe panali mzere wa mchenga wonenepa kuposa yonse. Anakanda pansi pa mzerewo ndi kampeni, n'kutulutsa kanthu kofiira. Anakapukuta pa ovolosi yake, n'kukaika m'dzanja la a Mailosi. Chinali chitsekerero chapulasitiki cha botolo la chakumwa.

"Ichi chinali pansi pa mchenga, bambo. Mchenga unabwera ichi chitatayidwa kale."

A Mailosi anachiyang'ana mbali zonse ziwiri.

"Makolo athu sankamwa zam'botolo," anatero mayi Emelda, ngati akuyankhula ndi mphepo.

Febbie anawafotokozera zotsalazo mwachidule. Makande akamwa madzi amafufuma, akauma amanyala, ndipo khoma lomangidwa pamenepo limakokedwa uku ndi uku mpaka kung'aluka. M'dzinja madzi a pansi amakwera, a m'chimbudzi ndi a m'chitsime n'kukumana. Apa mayi Emelda anagwedeza mutu, chifukwa kolera ya 2008 anaiona ndi maso awo, ndipo mzere wa nyumba zawo unaika anthu m'manda. Febbie anatinso dambo ndi mtsuko wa mzinda: limamwa mvula, kuisunga, n'kumaitulutsa pang'onopang'ono ku mitsinje ndi ku mijigo. Mukaliphimba ndi simenti, madzi amathamangira m'nyumba za anthu m'dzinja, ndipo m'chilimwe mzere wa zigubu umatalika.

Pomaliza anati iye si wakhonsolo ndipo sangaletse munthu kumanga. Koma akanakhala atate ake, akanawapempha kuti asanaike njerwa ngakhale imodzi apite ku ofesi ya khonsolo ya m'dera lawo, akafunse ngati sitandiyo ili pamalo ololedwa kumangapo nyumba, akafunsenso alangizi a zachilengedwe. Mawu a wogawa malo okha si okwanira, chifukwa iye mvula ikagwa amakhala ali kwina.

Pobwerera kunyumba a Mailosi ananena kuti mtsikanayo ndi waulemu, analeredwa bwino, kungoti ndi mwana. Anati mzere wa mchenga sungagwetse ntchito imene iwo ndi Tendekai atuluka nayo matuza. Mayi Emelda anadikira mpaka atalowa m'nyumba. Anatenga kabotolo kaja pawindo, n'kukaika patebulo.

"Bambo a Tisungeni, nyumba mangani, ndinu mwamuna. Koma mchombo uwu ine sindiukwirira pogona mtsinje. Wanu tinausiya kwa eni. Wa Tisungeni tinausiya kwa eni. Uwu upite ndi madzi ku damu la Chivero? Mwana azidzati kwawo ndi m'damu?"

Tisungeni, amene ankayamwitsa pakona, anati m'Chishona chosakaniza kuti iye sakufuna kulera Mufaro pamalo pomwe matewera sauma. Tendekai, monga mkamwini wanzeru, anapeza kuti njinga yake ikufunika kupopa.

Mawa lake masana a Mailosi anasiya mbande ndi mnzawo wogulitsa naye pafupi, n'kupita kusitandi okha. Galimoto yoyera ija inali itasunthira kumtunda kwa mtsinje. Analowa m'dzenje la maziko awo, pakona pomwe ankati padzakhala chipinda chawo chogona, n'kukumba mozamirako. Sanakumbe nthawi yaitali. Fosholo inalira mosiyana, ndipo pakhoma la dzenjelo panaoneka mzere woyera, wowongoka ngati wojambula. Pansi pake panali tizigoba ta nkhono.

Anakhala pansi m'dzenje momwemo. Kunja kunkatentha, koma m'katimo munali kachinyezi kozizira, ndi fungo lija. Apa m'pamene analizindikira bwino. Linali fungo la dimba la bambo awo kudambo la papulazi, komwe ankapita Lamlungu ali kamnyamata, atanyamula chitini chothirira. Bambo awo ankadzala mpiru ndi mbatata, n'kumanena kuti dothi la ku Dedza ndi lotere, kungoti la kumeneko ndi labwinopo. Ankatchula mayina a midzi ndi a anthu, mayina amene a Mailosi anatsala nawo ochepa okha. Tsiku lija atagwada n'kununkhiza dothi pamaso pa mkulu wa kopaletivi, sankasankha malo a nyumba ayi. Anamva fungo la kwawo, kwawo kumene sanakuonepo, ndipo anafuna kugona pomwepo.

Anatuluka m'dzenjemo dzuwa litapendeka, anasasa thalauza, n'kuika kachigoba kamodzi m'thumba la malaya.

Ku khonsolo anapita ndi mayi Emelda, atavala jekete. Anadikira pabenchi nthawi yaitali ndithu, ndipo a Mailosi anapereka malangizo angapo a kayendetsedwe ka mzere amene palibe anawatsatira. Mayi wa mu ofesimo anawalandira bwino. Anawauza kuti malo akumunsiwo ndi dambo, saloledwa kumangapo nyumba, ndipo amene amamanga pamenepo amakhala ndi mavuto awiri, madzi ndi lamulo. Sitandi yakumtunda ija inali pamalo ovomerezeka. Anawathokoza kuti abwera asanamange, chifukwa ambiri amafika mu ofesimo madzi atalowa kale m'nyumba.

Mkulu wa kopaletivi ulendo uno sanawayamikire nzeru. Anazungulirazungulira, koma atamva kuti achokera ku khonsolo anakumbukira kuti sitandi yamiyala ija sinapezebe mwini. Palibe ankaifuna. A Mailosi anaitenga, ndipo pofika madzulo anali atauza kale ogula mbande kuti iwo anaona okha kuti kumunsi kuja ndi dambo, popeza diso la kapitawo silinamizika. Anawonjezera kuti mtsikana wina wa ku yunivesite anagwirizana nawo.

Kukumba maziko pamiyala sikunali masewera. Tendekai anathyola mpini wa piki, ndipo anayamba kulemekeza apongozi ake mwakachetechete kwambiri. Komabe mvula yoyamba isanakhazikike, chipinda chimodzi chinaima, malata pamwamba, chitseko chogula kwa ogulitsa zakale.

Mvula ya Disembala inabwera yamphamvu. Itagwa masiku otsatizana, Marimba anatuluka monga mwa chizolowezi chake chakale, n'kuyala madzi padambo ponse. A Mailosi anaimirira pakhomo pa chipinda chawo, manja kumbuyo, kuyang'ana kumunsi. Maziko awo oyamba aja sankaoneka n'komwe. Mabanja ena amene anamanga chakumeneko ankatulutsa matiresi pamutu, madzi ali m'mawondo. Apa a Mailosi sanapereke maphunziro. Anavula nsapato, anaitana Tendekai, n'kutsika kukathandiza kunyamula. Katundu wa banja lina anakhala m'chipinda chatsopanocho mpaka madzi ataphwa. Ataphwa, padambopo panatsala mchenga woyera, mzere wina watsopano woti adzaupeze ofufuza a m'tsogolo.

Kunja kutayera, mayi Emelda ndi Tisungeni anabwera ndi kabotolo kaja. Anati iyi ndi ntchito ya amayi, choncho a Mailosi akaime kugeti. Geti kunalibe, koma anapita kukaima pomwe lidzakhale, atatembenukira kumsewu. Kumbuyo kwawo ankamva khasu likulimbana ndi miyala, Mufaro akulira pang'ono, ndi mayi Emelda akutchula mayina a agogo a mwanayo, a papulazi ndi a ku Dedza, onse amene ankawakumbukira. Atamaliza anadzala kamtengo ka mango pamwamba pake.

Za dimba a Mailosi sanataye mtima. Kuseri kwa chipindacho anakumba dzenje, n'kumaponyamo makoko, masamba otsala kumsika, phulusa ndi zitosi za nkhuku. Anati pakutha pa chaka adzakhala ndi dothi lakuda lawolawo, lopanda nkhono. Mayi Emelda anati limenelo ndiye dothi lakuda loyamba m'banjamo limene palibe adzawalande.

Khirisimasi itayandikira, mwininyumba wa kumene ankachita lendi uja anabwera ndi makiyi monga mwa nthawi zonse. Anati akupita kumusha, galu amadya kawiri, maluwa a pakhonde asaiwalike. A Mailosi anayang'ana makiyiwo, koma manja anawasiya kumbuyo.

"Pepani, chaka chino mupeze wina. Nafenso tikupita kwathu."

Mwininyumbayo anadabwa, n'kufunsa ngati apeza ndalama ya basi ya ku Malawi.

"Ayi. N'kuseri kwa mashopu uko, pamiyala paja. Tipita wapansi."

Phunziro lake ndi ili. Musanamange nyumba, funsani kaye kuti malowo anali chiyani kale. Musaweruze malo m'chilimwe pokha. Mukakumba n'kupeza makande, mizu ya bango, zigoba za nkhono kapena mizere ya mchenga, dziwani kuti pamenepo ndi panjira ya madzi, ndipo madzi amabwerera kwawo ngakhale patapita zaka. Pitani ku khonsolo ndi kwa alangizi a zachilengedwe musanaike njerwa. Dambo lisiyeni likhale dambo, chifukwa ndi limene limasunga madzi a m'mijigo yanu. Dothi lakuda munthu angathe kulipanga kuseri kwa nyumba yake, koma mtsinje palibe kapitawo amene anausamutsapo.